Nsalu Yakuda ya Abusa Hooper

Funso: Ndawerenga nkhani ya Nathaniel Hawthorne yotchedwa The Minister's Black Veil. Abusa Hooper anaphimba nkhope ndi nsalu yakuda mpaka kuikidwa nayo m'manda. Kodi anachimwa tchimo lanji?

Yankho: Hawthorne sanaulule, ndipo anachita dala. Ena, kuphatikizapo Edgar Allan Poe, anaganiza kuti nkhani ili pa mtsikana amene anaikidwa tsiku lomwe abusawo anayamba kuvala nsaluyo. Umboni wake ndi wochepa.

Taonani ulaliki wa tsikulo: unali wonena za machimo obisika. Apuritani a ku New England ankakhulupirira kuti munthu aliyense amabadwa wochimwa, choncho anthu a mu Milford, mudzi wa abusawo, ankanjenjemera chifukwa nsaluyo inkawakumbutsa zawo. Hawthorne ankawadziwa bwino Apuritaniwa. Kholo lake, John Hathorne, linaweruza nawo milandu ya ufiti ku Salem mu 1692.

Koma ine sindingawayeretse abusawo. Elizabeth, chibwenzi chawo, anawachonderera kuti avule nsaluyo kamodzi kokha. Anakana, ukwati n'kulephereka. Pamenepo ndikuonapo kunyada. Mayiyo ndi amene anadzawadwazika ali gone, nsalu ikadali kumaso.