Giza Ikatha, Musathamangire ku Sitolo

Giza sifa mwadzidzidzi. Imayamba ndi kachidontho kofiirira pasiling'i, kenako madzi a m'bafa amabwera ndi dzimbiri, ndipo tsiku lina mumadzuka siling'i itafufuma, madzi ali thithithi pansi. Ambirife timadikira tsiku limenelo, ndiye nkhani ya ndalama zambiri timaigamula mtima uli m'mwamba, ana akufuna kusamba kuti apite kusukulu. Ndi mmene zinayendera kwa alamu anga ku Lilongwe kumapeto kwa 2021. Ndawapempha kuti ndifotokoze nkhani yawo, chifukwa inatsala pang'ono kuthera kumanda.

Giza yawo inali ya malita 150, ya elementi ya makilowati 3, ndipo inali itagwira ntchito zaka zoposa khumi. Kusitolo, wogulitsa anawaonetsa kabokosi koyera kotha kukanyamula kukhwapa, kaja amangoti instant. "Bwana, za thanki zinatha kale," iye anatero. "Aka kamatenthetsa madzi pomwe mwatsegula mpopi. Mukatseka, mita nayo yaima." Kwa munthu wogula mayuniti a ESCOM sabata ndi sabata, amenewo ndi mawu ozuna. Ndipo sanali abodza onse: thanki imataya kutentha pang'onopang'ono, yuniti imodzi kapena awiri pa tsiku, ngakhale pasakhale wosamba. Alamu analipira, nanyamula.

Chimene sanafunse n'chakuti kutentha kwa madziwo kuchokera kuti. Madzi sanyengereka. Kuti malita 150 achoke pa madigiri 20 kufika pa 60 pamafunika mayuniti pafupifupi 7, kaya mwatenthetsa ndi chiyani. Giza ya thanki imakoka magetsi amenewo pang'onopang'ono, maola awiri ndi mphindi zingapo, n'kusunga madziwo ngati fulasiki. Makina opanda thanki alibe nthawi yotero. Madzi amadutsa m'kati mwake m'kuphethira kwa diso, choncho mphamvu yonse amaifuna nthawi imodzi. Kabokosi ka alamu kanali ka makilowati 8.5. Pa mavoti 230 a m'nyumba zathu, amenewo ndi maampu pafupifupi 37, pomwe giza yakale inkakoka 13 okha.

Anapeza mnyamata wa maganyu a zamagetsi amene mnansi wina anawalozera. Mnyamatayo anakwera m'denga, nadula waya wa giza yakale, naulumikiza ku makina atsopano. Ntchito inatha dzuwa lisanalowe, ndipo mtengo wake unali wabwino. Koma waya uja unali wa mamilimita 2.5, wokwanira maampu 20 kapena kupitirirako pang'ono. Munthu akangolowa m'shawa, sopo ali kumutu, buleka inkagwa. Atamuitananso, mnyamatayo anayang'ana bokosi la magetsi n'kunena kuti, "Musadandaule bwana, buleka yangochepa." Anachotsa ya maampu 20 n'kuikapo ya 40. Waya sanaukhudze.

Apa ndipo ndikufuna muime, chifukwa zimenezi zikuchitika m'nyumba zambiri, osati pa magiza okha. Buleka saiikira kuti izitisowetsa mtendere. Ntchito yake ndi kudula magetsi waya usanatenthe kuposa muyeso wake. Ikamagwagwa, ikukuuzani kuti katundu wachuluka kapena pena pake palakwika. Mukaikulitsa waya uli womwewo, mwachotsa mlonda yekhayo amene wayawo unali naye. Kuyambira tsiku limenelo buleka sinagwenso, ndipo banja lonse linkayamika luso la mnyamata uja, pomwe m'denga pulasitiki wokuta waya anali kufewa nthawi iliyonse munthu akasamba.

Chinawapulumutsa ndi mphuno ya achemwali anga, akazi awo. Madzulo ena anaima m'kolido, nafunsa, "Abambo, simukumva fungo la pulasitiki?" Alamu anati mwina ana awotcha zinyalala panja. Mayiwo sanavomere, anapita okha kukazimitsa magetsi onse. M'mawa mwake anaitana wa zamagetsi wina, wachikulire, wokhala ndi chiphaso cha MERA. Atatsika m'denga anali ndi chidutswa cha waya m'manja, chakuda, chokakamira, pena mkuwa uli pamtunda. Anati pomwe unagona pamtanda wa denga thabwa linali litayamba kale kuda. Anakoka waya wina wonenepa kuchokera pabokosi mpaka kubafa, anaona ngati waya wopita pansi uja wa earth uli bwino, naikanso chodula magetsi akayamba kudutsa posayenera. Ndalama za ntchitoyi zinapitirira zimene alamu ankati apulumutsa posagula thanki. Mkuluyo anawachenjezanso kuti nyumba zambiri zimalandira magetsi a maampu 60 okha, ndiye wina akamasamba, ovuni, ketulo ndi ayironi zisayakire pamodzi.

Kenako kunabwera namondwe wa Ana mu Januwale 2022. Madzi anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo chaka chonsecho magetsi ankazima maola ambiri. M'nyumba za thanki, magetsi akabwera usiku giza inkatenthetsa anthu ali m'tulo, m'mawa n'kusamba ofunda ngakhale atazimanso. Kwa alamu, magetsi akachoka, madzi otentha ankachokera limodzi nthawi yomweyo. Panalinso masiku oti magetsi alipo koma madzi akubwera mofooka, monga zimakhalira m'mawa aliyense akatsegula mpopi. Makina amenewa ali ndi kachipangizo komva kuthamanga kwa madzi, ndipo akachepa sayaka n'komwe, kuopa kudziwotcha.

Chisanu cha Juni ndi Julayi chinamaliza nkhani. Makilowati 8.5 amakweza madzi ndi madigiri pafupifupi 20 ngati shawa ikutulutsa malita 6 pa mphindi. Mu Okutobala, madzi a m'paipi akakhala kale pa madigiri 25, mumasamba bwinobwino. Akatsika kufika pa 15, mumapeza 35, ofunda mwa dzina lokha m'bafa lozizira. Kuti atenthe muyenera kuchepetsa mpopi, ndipo mukauchepetsa kwambiri makina amazima, madzi ozizira n'kukuthirani pamsana. Okhala ku Dedza kapena ku Mzuzu awerengere bwino masamu amenewa asanatulutse ndalama.

Alamu anatopa, nati vuto ndi magetsi, choncho mankhwala ake ndi gasi. Anagula makina ena opanda thanki, oyatsa ndi mabatire, olumikiza ku silinda. Pamenepa sanalakwe kwenikweni: a gasi ali ndi mphamvu zambiri kuposa a magetsi a m'nyumba wamba, ndipo sasamala za kuzima kwa magetsi. Chinalakwika ndi malo. Anaopa akuba, ndiponso sankafuna kugula mapaipi ataliatali, ndiye anauza wolumikiza kuti awakhomere pakhoma m'kati mwa bafa. Paipi yotulutsa utsi sanaiike. M'kabuku kamene kanali m'bokosi munalembedwa kuti makinawo asaikidwe m'chipinda chotsekeka, koma kabukuko kanatayidwa limodzi ndi katoni.

Masabata oyamba achemwali ankadandaula mutu akachoka kosamba. Ankati mwina ndi BP. Alamu amasamba mwachangu, ndiye sanamve kalikonse. Koma mwana wawo wamkazi, wa Fomu 2, amachedwa m'bafa monga achitira atsikana a msinkhu wake. M'mawa wina kozizira anatseka zenera, nakhoma chitseko, natsegula shawa. Patapita nthawi mayi ake anazindikira kuti madzi akungotsika mofanana, osamveka ngati pali munthu pansi pake. Anagogoda. "Iwe, suchedwa kusukulu?" Zii. Anaitana dzina lake katatu. Alamu anathyola chitseko ndi phewa, n'kumupeza atakhala pansi, atatsamira khoma, maso ali gwa, akulephera kudzutsa mutu. Anamufunditsa chitenje, namutulutsira pabwalo, achemwali n'kutseka gasi pasilinda. Kuchipatala anamuika pa okisijeni. Madzulo ake ankalankhula, koma mutu unamuwawa masiku angapo. Achemwali mpaka lero akamafotokoza za madzi aja ongotsika, mawu amawathera pakhosi.

Chinamugwetsa ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Moto uliwonse umadya okisijeni. M'kabafa kotseka, kodzaza nthunzi, okisijeni amachepa msanga, gasi sapsa bwino, ndipo m'malo mwake mumatuluka mpweya umenewu. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. M'magazi umakakamira mwamphamvu kuposa okisijeni maulendo oposa 200, choncho thupi limasowa mpweya munthu akupuma. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenako miyendo imafooka, ndipo pofika poganiza zotsegula chitseko mphamvu zimakhala zitatha. Moto wabwino wa gasi ndi wabuluu. Mukauona wachikasu, kapena mwaye ukuda pakhoma pamwamba pa makina, zimitsani. Ndipo anthu awiri a m'nyumba imodzi akamamva mutu pochoka m'chipinda chimodzimodzi, musathamangire panado, kaonetsetseni chipindacho.

Sindikunyoza makina opanda thanki. M'nyumba ya anthu awiri, yomwe madzi amabwera ndi mphamvu, waya ndi woyenera, kapena a gasi akhomedwa panja, amagwira ntchito bwino ndipo sataya kutentha pachabe. Koma amafuna kuwasamala. Ogwiritsa ntchito madzi a pachitsime kapena a mjigo, aja amasiya zoyera m'ketulo, adziwe kuti zoyera zomwezo zimatseka timapaipi ta m'kati mwa makinawa, ndipo pafunika kutitsuka nthawi ndi nthawi.

Thanki nayo ili ndi zoopsa zake, ndipo chachikulu chimabweranso ndi munthu wofuna kuthetsa chokwiyitsa. Madzi akamatentha amafufuma, n'chifukwa chake pa giza pali valavu yotulutsa madzi puresha kapena kutentha zikapitirira. Kapaipi kake kakamadontha pang'ono giza ikutenthetsa, ndiye kuti kakugwira ntchito. Kakamataya madzi osalekeza, valavu kapena thermostat yatha, isinthidwe. Koma alipo amene amakatseka ndi pulagi kuti bilu ya madzi itsike. Thermostat ikadzafa tsiku lina, madzi amawira m'thanki yopanda potulukira, ndipo thanki yotero imatha kuphulika n'kusasula denga. Aliyense wokuuzani kuti atseke kapaipi kameneko, mubwezeni pageti. Thermostat ikhale pa madigiri 60: mukatsitsa kwambiri, tizilombo ta Legionella timaswana m'madzi ofunda n'kuyambitsa chibayo choopsa, mukakweza kwambiri, muwotcha ana ndi agogo. Pansi pa thanki pakhale thireyi yokhala ndi paipi yotulukira panja, kuti ikadzaboola madzi asagwere pasiling'i. M'kati mwa thanki zambiri mulinso kachitsulo kotchedwa anode, kamene kamadyeka m'malo mwa thankiyo. Kakatha, dzimbiri limayamba kudya thanki yeniyeniyo. Giza ya alamu ija palibe amene anaitsegulapo zaka zonsezo, ndipo pulambala amene anaitsitsa anati kachitsuloko kanali katatsala ulusi wokha.

Makina a gasi aja anawasamutsira pakhoma la panja, m'kakhola kachitsulo kolowa mphepo, ndi paipi ya utsi yoloza kutali ndi mazenera. Silinda ili pambali pake, panja pomwepo, chifukwa gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akathawa amadikha pansi. Akutenthetsa bwino, kupatula m'mawa womwe madzi abwera mofooka, pamene achemwali amatereka poto. Tsopano banjali likusunga ndalama za giza ya sola yokhala ndi elementi ya magetsi yothandizira masiku a mitambo. Ulendo uno alamu anayamba aitana pulambala, wa zamagetsi ndi kalipentala asanapite kusitolo. Kalipentala wawauza kuti malita 150 ndi makilogalamu 150, osawerengera thanki ndi machubu ake, ndipo mitanda iwiri ya denga lawo iyenera kulimbitsidwa kaye.