Phunziro: Phiri siligumuka tsiku limodzi

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023 namondwe wotchedwa Freddy adagwetsa mvula yoopsa kumwera kwa dziko lathu. Anthu oposa 600 adafa, ndipo ena oposa 500 sadapezeke. Ku Blantyre matope ndi miyala zidatsetsereka kuchokera paphiri la Soche, nizikwirira nyumba za ku Chilobwe pamodzi ndi eni ake. Ena adati ndi Napolo, monga adanenera makolo athu za chigumula cha ku Zomba mu 1946 ndi cha ku Phalombe mu 1991. Inde, mvulayo idali yosaneneka, ndipo idagumula ngakhale mapiri ena okhala ndi mitengo. Koma tidzifunse: kodi phiri la Soche mvulayo idalipeza lili bwanji?

1. Ntchito ya nkhalango paphiri

Mvula ikagwa m'nkhalango siigunda nthaka msanga. Masamba amathyola mphamvu ya madontho, zinyalala zapansi zimamwa madzi, ndipo mizu imamanga dothi ngati luzi. Kotero madzi amalowa pansi mwakachetechete, natuluka m'akasupe ngakhale m'chilimwe. Ndicho chifukwa chake Boma lidapatula mapiri monga Soche ndi Ndirande kuti akhale nkhalango zotetezedwa, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo, kulima kapena kumanga m'malo otere popanda chilolezo.

2. Mlandu wopanda mwini

Taonani tsono m'mene phiri limathera. Munthu mmodzi adula mitengo iwiri kuti apeze milimo ya nyumba. Wina akumba m'mbali mwa phiri kuti asalaze malo omangapo, osadziwa kuti wachotsa dothi limene lidali kuchirikiza la kumtunda. Wachitatu akumba chimbudzi, ndipo dzenjelo limwetsa nthaka madzi. Wachinayi aswa miyala yogulitsa, wachisanu aumba njerwa naziwotcha ndi nkhuni za m'phiri momwemo. Denga lililonse la malata limakhuthulira madzi ake onse pamalo amodzi, ndipo kanjira kopita kunyumba iliyonse kamasanduka ngalande.

Mukafunsa aliyense wa iwo, adzayankha kuti, "Kanyumba kanga kamodzi kangaononge phiri lonseli?" Ndipo sakunama. Koma akulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Nyumba khumi phiri lingathe kuzisenza; zikafika mazanamazana, malire a nkhalango athawira kunsonga, mbalame ndi nyama zasowa pobisala, akasupe aphwa. Ndiye ikadza mvula ya masiku atatu, dothi lokhuta madzi lilemera, ndipo palibe muzu woligwira.

3. Chitsanzo cha Ndirande

Phiri la Ndirande lidali lodzaza ndi mitengo, koma m'zaka za m'ma 1990 lidametedwa pafupifupi lonse. Palibe tsiku limene tinganene kuti ndilo lidaphedwa. Komabe dothi lokokoloka m'minda ya m'mbali mwake lakhala likutsikira m'damu la Mudi, limene limamwetsa anthu ena a mumzindawo. Apa tiphunzirapo kuti wolipira mlandu nthawi zambiri si amene adagwira nkhwangwa ai, koma mnzake wokhala kumunsi.

4. Tisaweruze mofulumira

Ambiri amene adamanga pa Soche sadakwere phirilo chifukwa cha mwano. Adasowa malo m'tauni, ndalama za lendi zidawakanika, ndipo ena adachita kugula malowo kwa anthu amene sadali eni ake. Kuwathamangitsa osawapatsa kolowera ndi kungosamutsira vutolo kuphiri lina. Chofunika ndi chakuti ogawa malo, mafumu ndi akuluakulu a mzinda aleke kuyesa pempho lililonse palokha. Asafunse kokha kuti, "Nyumba iyi iononga chiyani?" koma afunsenso kuti, "Phirili lasenza kale zingati, nanga lingathe kulandira ina?"

Ife tomwe tili ndi gawo lathu. Tisagule malo m'kati mwa malire a nkhalango, ngakhale atsike mtengo chotani. Kumene tidamanga kale, tibzale vetiva ndi nsungwi m'mbali mwa zigwembe, madzi a padenga tiwakonzere njira yabwino, ndipo zitsa za mitengo yachilengedwe tizisiye ziphukire, pakuti mizu yake ikadali yamoyo.

Mafunso okambirana

Aphunzitsi, powerengera anthu phunziroli muwafunse izi:

(a) Kodi phiri kapena mtunda wa kwanu udali wotani muli ana, nanga lero uli wotani?

(b) Madzi ochoka pabwalo lanu amathera kwa yani?

(c) Mnansi wanu wosauka atafuna kumanga m'nkhalango yotetezedwa, mungamuuze chiyani, ndipo mungamuthandize motani kupeza malo ena?