Sola ikafooka, musathamangire kuiphwasula

Ometa ndi otchaja mafoni ambiri kwa Ngokwe amadalira sola. Ikafooka, ena amaiphwasula msanga kuti agulitse felemu yake kwa ogula zitsulo. Dikirani kaye. Yezani panelo padzuwa ndi mita: ya 12V ikakhala yabwino imaonetsa mavoti 18 mpaka 22. Kawirikawiri chimene chafa ndi batire.

Batirelo ndiye nkhani. Lili ndi asidi komanso mtovu, poizoni woopsa makamaka kwa ana, choncho musalitsegule kapena kukhuthulira madzi ake pansi. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti wonyamula kapena wosunga zinyalala zoopsa akhale ndi laisensi yochokera ku MEPA. Wogula mabatire akafika, mufunseni pepalalo musanayambe kukambirana mtengo. Wodzakuikirani sola ina nayenso akhale wovomerezeka ndi MERA.