Kodi Ophunzira Osewera Mpira Azilipidwa? Mafunso ndi Mayankho

Nkhani yolipira ophunzira osewera mpirayi yachokera kuti?

Yachokera ku America. Kumeneko mipira ya m'makoleji imaonetsedwa pa wailesi za kanema ndipo imabweretsa ndalama zankhaninkhani, koma kwa zaka zambiri bungwe loyang'anira masewerawa la NCAA linkaletsa osewera kulandirapo malipiro. Mu 2021 linawalola kupeza ndalama potsatsa malonda ndi mayina awo, ndipo mu June 2025 khoti linavomereza kuti koleji izigawira osewera ake ndalama zofika madola 20.5 miliyoni pachaka.

Nanga kwathu kuno zingatheke?

Malipiro a pamwezi ayi. Timu ya Namitete Technical College kapena ya sekondale ya ku Nsaru ikamasewera, anthu amaonera ulere, ena atakhala panjinga zawo. Palibe chipata, palibe kanema. Ngakhale Mzuni FC, timu ya Mzuzu University yomwe inafika mpaka mu TNM Super League, inkavutika ndi ndalama zoyendetsera timu.

Ndiye osewera azingokhetsa thukuta pachabe?

Apa ndiye pagona nkhani. Mtsikana wa ntchemberembaye wochokera ku Kabudula amakwera lole m'mamawa kukasewera ku Mpingu, n'kubwerako usiku atangodya chigumu ndi thobwa. Mnyamata amasewera osavala nsapato, akathyoka mwendo amene amathamanga naye ku chipatala cha St Gabriel's ndi makolo ake, mwina atagulitsa thumba la mtedza. Chikho chimakakhala mu ofesi ya ahedi, dzina lomwe limatchuka ndi la sukulu. Zimenezi si chilungamo. Wosewerera sukulu ayenera kupatsidwa thiransipoti, chakudya chokhutitsa, nsapato ndi chithandizo akavulala. Amene waonetsa luso lapadera, makamaka wochokera kubanja losowa, sukulu imuchotsereko fizi. Kumeneko ndiye kulipira kothandiza mwana wa kumudzi, chifukwa kumamusunga m'kalasi.

Bwanji osangowapatsa ndalama m'manja?

Ya sopo si yolakwika. Choopsa n'chakuti ndalama zikachuluka, sukulu zimayamba kubweretsa akuluakulu a ndevu osalembedwa m'kaundula n'kumati ndi ana a Fomu 2. Mwana weniweni amatsala panja, winanso amayamba kujomba kuthamangira mabonanza a andale.

Mphoto ya mpikisano ikhale ya yani?

Mpikisano wa masukulu wa CAF, womwe unayamba mu 2022 ndi thandizo la Motsepe Foundation, umapereka mphoto kuti itukule sukulu. Maganizowo ndi abwino, bola osewera aone chomwe thukuta lawo lagula, ndipo alandireko gawo.

Makolo achitepo chiyani?

Pamsonkhano wa PTA, kaya ku Nambuma kaya kwina kulikonse, funsani ahedi ndi aphunzitsi a zamasewero kuti ndalama zamasewero zayenda bwanji, komanso kuti mwana akavulala adzalipira ndani. Agwirizane nanu polemba mwana asanavale jezi.