Phunziro: Kapitao wa Zomanga Akafuna Kulowa Nchito ya Makompyuta

Masiku ano alipo anthu amene ayang'anira nchito yomanga nyumba, miseu ndi milatho zaka zambiri, ndipo tsopano afuna kusiya njerwa ndi simenti kuti akagwire nchito ya mapulogalamu a kompyuta. Munthu wotere akadza kwa makolo kapena kwa aphunzitsi kudzapempha nzeru, tiyenera kukhala ndi chomuyankha, pakuti pa nkhani yotere pagona chakudya cha banja lonse.

1. Nchito ziwirizi nza pachibale

Woyang'anira zomanga samanga ndi manja ake ai. Udindo wake ndiwo kudziwa chimene chitsogole ndi chimene chitsate: denga silikhomedwa khoma lisanathe, khoma siliima maziko asanaume. Awerenga masiku, ndalama, katundu ndi amisiri.

Nzeru imeneyi inakumana ndi kompyuta kalekale. Mu 1957, ku America, James Kelley wa kampani ya Remington Rand ndi Morgan Walker wa kampani ya DuPont anakonza njira yochedwa Critical Path Method, pofuna kulongosola nchito yomanga ndi kukonza mafakitale, ndipo anaiwerengera pa kompyuta ya UNIVAC. Njirayo njotere: ulemba tinchito tonse, masiku a kanchito kalikonse, ndi kamene kadikira kanzake. Mndandanda wautali koposa wa tinchito todikirana ndiwo ulamula tsiku lomaliza. Kuchedwa tsiku limodzi pa mndandanda umenewo nkuchedwetsa nyumba yonse. Wolemba pulogalamu naye aganiza chimodzimodzi: agawa chachikulu m'tizigawo, naika chilichonse pamalo pake. Tsono kapitao sayambira pansi penipeni.

2. Chitsanzo cha Tracy Young

Tracy Young anali injiniya pa malo omangira ku California. Iye anaona bvuto limene kapitao aliyense alidziwa: wojambula nyumba akasintha pulani, mapepala akale atsalabe m'manja mwa amisiri, iwo namanga zolakwika, kenaka nkugumula. Mu 2011 iye ndi anzake, ena mwa iwo odziwa kulemba mapulogalamu, anayambitsa PlanGrid, imene inaika mapulani pa iPad kuti onse aone pulani yatsopano nthawi imodzi. Mu 2018 kampani ya Autodesk inagula PlanGrid ndi madola 875 miliyoni.

Ndalamazo zisatitenge mtima, pakuti mwai wotere ugwera owerengeka. Chophunzirapo nchakuti chuma chimene mai ameneyu anadza nacho kunali kudziwa pamene nchito yomanga ipweteka.

3. Makomo atatu

Khomo loyamba ndilo la mapulogalamu a zomanga zomwezo. AutoCAD, yojambulira mapulani, inatuluka mu 1982. Pambuyo pake panadza njira ya BIM, imene imanga nyumba yonse m'kompyuta njerwa isanaikidwe, kotero kuti paipi yoombana ndi nsanamira ioneka msanga. Mu 2016 boma la Britain linalamula kuti nchito zomanga zolipiridwa ndi boma zitsate njira imeneyi. Makampani opanga zida zotere afuna anthu odziwa chinenero cha amisiri. Khomo ili ndilo lapafupi.

Lachiwiri ndilo kuyang'anira gulu la olemba mapulogalamu: kumva chimene mwini nchito afuna, kusunga nthawi ndi ndalama.

Lachitatu ndilo kukhala wolemba mapulogalamu weniweni. Ili ndilo lopapatiza, lofuna kuphunzira nthawi yaitali.

4. Pamene zisiyana

Konkire ikauma yauma. Chifukwa chake womanga amaliza pulani yonse asanakumbe maziko. Pulogalamu isinthidwa ngakhale anthu atayamba kale kuigwiritsa nchito. Mu 2001 akatswiri 17 anasonkhana ku Utah nagwirizana pa kagwiridwe kochedwa Agile. Magulu ambiri otsata njirayi apanga kachigawo kakang'ono pa milungu ngati iwiri, nakaonetsa kwa mwini wake, nakonzanso. Wozolowera pulani yosagwedezeka aona ngati nchisokonezo, kufikira atazindikira kuti kuno kugumula sikudya ndalama monga kugumula khoma.

China cholemera nkudzichepetsa. Munthu amene analamula amisiri makumi asanu adzakhala wophunzira, wokonzedwa zolakwa ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake, ndipo malipiro ake angathe kutsika poyamba.

5. Chenjezo

Pasakhale wonyengedwa kuti nchito ya makompyuta siitha. Mu Novembala 2022 kampani ya Meta, mwini wa Facebook, inachotsa anchito 11,000. Mu Januwale 2023 Google inalengeza kuchotsa 12,000, Microsoft 10,000. Ndiponso chitulukire ChatGPT mu 2022, makina ayamba kulemba tizigawo tapafupi ta mapulogalamu, timene kale ongoyamba ankaphunzirirapo nchito. Wodza ndi kasatifiketi ka miyezi itatu kokha apeza khamu pakhomo. Wodza ndi kasatifiketiko pamodzi ndi zaka khumi za pa malo omangira ali ndi chimene khamulo lilibe. Akulu anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

6. Njira yosamukira

Choyamba, asasiye nchito yakale yatsopano isanaoneke. Aphunzire madzulo ndi Loweruka. Chinenero cha Python, chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, nchabwino poyambira. SQL iphunzitsa kusunga ndi kufunsa kaundula wa zinthu. Maphunziro a CS50 a Yunivesite ya Harvard apezeka pa intaneti kwaulere, koma awerengeretu mtengo wa intanetiyo ndi wa magetsi.

Chachiwiri, apange kanthu koona kochokera pa nchito yake, monga kapulogalamu kolemba matumba a simenti olowa ndi otuluka m'sitolo. Wolemba nchito akhulupirira chimene achiona chikuyenda koposa mau a m'kalata.

Chachitatu, akhale pansi ndi mkazi wake, kapena mwamuna wake, awerenge fizi ya ana, lendi ndi chakudya, nasunge ndalama za miyezi ingapo. Ngati ali pakati pa nyumba ya munthu, aimalize kapena aipereke bwino kwa womlowa m'malo, pakuti mbiri ya kukhulupirika idzamtsata ku nchito yatsopano.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi nzeru ziti za kapitao zimene zigwira nchito m'makompyuta?
2. Mwa makomo atatu aja, liti liyenera munthu wa banja lalikulu? Chifukwa ninji?
3. Mungamuyankhe chiani mbale amene afuna kusiya nchito mawa kuti akaphunzire mapulogalamu?