AMPHAKA ASANU A PA CISUMBU CA MARION

Mphaka ndi ciweto cothandiza pa mudzi. Iye alonda nkhokwe, napirikitsa makoswe amene aononga cimanga ndi zobvala. Koma mphaka yemweyo akalekereredwa kuyenda yekha ku chire, asanduka cirombo. Zimene zinacitika pa cisumbu ca Marion zionetsa bwino cimeneci.

Marion ndi cisumbu ca dziko la South Africa. Ciri kutali ca kumwera, pakati pa nyanja ya mcere, ndipo munthu ayenda masiku angapo pa sitima kuti akafikeko. Kumeneko kulibe mitengo, kuzizira kwambiri, ndipo mphepo siileka kuomba. Eni ace a cisumbuco kuyambira kale ndiwo mbalame za m'nyanja. Zambiri za izo zikumba mauna m'nthaka, ndi kuikiramo dzira limodzi lokha pa caka. Popeza kunalibe nyama yozisaka pamtunda, mbalamezo sizinadziwe kuthawa mdani.

M'caka ca 1948 anthu oyesa mvula ndi mphepo anamanga nyumba zao pa cisumbupo. Anthuwo anabvutika ndi mbewa zimene zinafika kale ndi zombo. Tsono m'caka ca 1949 anabwera ndi amphaka asanu. Amphakawo anabalana, ndipo ana ao anacoka pa nyumba nakakhala ku chire. Kumeneko anapeza kuti kugwira mbalame m'una mwace n'kwapafupi koposa kuthamangitsa mbewa.

Mphaka acedwa miyezi iwiri yokha ali ndi pakati, nabala ana atatu kapena anai, ndipo anawo ayamba kubala caka cisanathe. Cifukwa cace amphaka aja anaculuka msanga. Pofika caka ca 1975 anaposa 2,000, ndipo analikupha mbalame ngati 450,000 pa caka. M'caka ca 1977 analipo ngati 3,400. Mtundu wina wa mbalame unatheratu pa cisumbupo.

Kubweretsa amphaka kunali nchito yapafupi, koma kuwacotsa kunatha zaka khumi ndi zinai. Poyamba, m'caka ca 1977, akatswiri anafalitsa pakati pao nthenda yogwira amphaka. Ambiri anafa, koma otsalawo anayambanso kubalana. Pamenepo alenje anawasaka usiku ndi mfuti ndi nyali, nachera misampha m'mphepo yozizirayo. Amphaka otsiriza anagwidwa m'caka ca 1991. Nanga mbewa zija? Izo sizinathe ai; zinaculuka, ndipo zinayamba kudya ana a mbalame ali amoyo. Akulu anati, madzi akatayika saoleka.

Amphakawo sanalakwe. Kusaka ndi cibadwa ca mphaka. Ngakhale atakhuta, agwirabe mbalame, abuluzi ndi acule, amene athandiza mlimi pakudya tizirombo ta m'munda. Mlandu uli ndi munthu amene aweta ciweto osacisamala.

Cotero mwini mphaka wanzeru acita zinthu zinai. Coyamba, asunga mphaka wace m'nyumba, makamaka usiku ndi m'banda kuca, pamene mphaka asaka kwambiri. M'nyumbamo ndimo muli nchito yace ya makoswe, ndiponso apulumuka kwa agalu, njoka ndi magalimoto. Caciwiri, amdyetsa masiku onse ndi kumpatsa madzi, kuti njala isamcotse pa khomo. Cacitatu, apita naye kwa dotolo wa ziweto kuti amkonze asabalenso, pakuti nyumba imodzi siingathe kusunga amphaka makumi awiri. Cacinai, sataya ana a mphaka ku chire, koma awafunira anthu owalera. Kamphaka kotayidwa lero ndiko kholo la amphaka a m'chire a mawa.

MAFUNSO

1. Kodi cisumbu ca Marion ciri kuti?
2. Anthu anabwera ndi amphaka cifukwa ninji?
3. Bwanji mbalame za pa cisumbupo sizinathe kudzipulumutsa?
4. Nchito yocotsa amphaka inayamba liti, ndipo inatha liti?
5. Mwambi wakuti "madzi akatayika saoleka" ugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?
6. Ndi zinthu ziti zinai zimene mwini mphaka wanzeru acita?