Phunziro 9: Malamulo a pa Doko ndi a m'Bwato

Anzanga ophunzira, lero tikambirana za doko ndi bwato. Ife a kuno ku Chiromo madzi sitingaŵathaŵe. Shire ndi uyu, Ruo ndi uyo. Wopita kuchipatala, wopita kumsika ku Bangula, wokaona abale kutsidya, ambiri amayamba afika padoko. Tsono funso ndi ili: kodi padoko pali malamulo, kapena aliyense angochita za kumutu kwake?

Chiromo linali doko lalikulu

Zaka zoposa 100 zapitazo Chiromo linali khomo loloŵera m'dziko muno. Sitima za pamadzi zinkanyamuka ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, nkukwera mtsinje mpaka kudzafika kuno. Katundu ankaonedwa pano ndi kulipiridwa msonkho. Mu 1908 njanji yopita ku Blantyre idatsegulidwa. Mu 1935 udatha mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, ndipo katundu adayamba kuyenda pa njanji mpaka ku Beira. Sitima za pamtsinje zidachepa mpaka zidaleka.

Mu 1997 madzi osefukira adagumula njanji ndi mseu pafupi ndi Chiromo. Kuyambira pamenepo anthu oyenda pakati pa Bangula ndi Makhanga adayamba kudalira mabwato. Doko lidabwereranso m'moyo wathu, ngakhale kuti ndi laling'ono.

Zimene ndidaona ndi maso anga

Tsiku lina ndinkapita kukayendera makalasi athu kutsidya. M'bwato mudaloŵa anthu, njinga, matumba a chimanga ndi mbuzi ziŵiri. Padangotsala zala zinayi kuti madzi afike pamlomo pa bwato. Mayi wina wachikulire adati, "Bambo, ine nditsike, ndidikira ulendo wachiŵiri." Woyendetsa adayankha kuti, "Khalani pansi, mayi, timaoloka chonchi masiku onse." Ena adaseka, koma mayiwo adatsika ndithu. Ine, mphunzitsi wathunthu, ndidachita manyazi, osatsika.

Tili pakati pa madzi kudabwera mphepo. Madzi adayamba kuloŵa. Tidakapa ndi mbale ndi zipeŵa, ndipo thumba limodzi la chimanga lidatayidwa m'madzi kuti bwato lipepuke. Tidafika kutsidya palibe woyankhula. Patapita kanthaŵi mayi aja adafika, zovala zili zouma. Paja akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Malamulo adabwera chifukwa cha maliro

Malamulo a pamadzi sadalembedwe kuti avutitse anthu. Mu 1912 sitima yaikulu yotchedwa Titanic idamira m'nyanja ya Atlantic, ndipo anthu oposa 1,500 adafa. Maboti opulumukira anali osakwanira anthu onse. Maiko adakhala pansi nkupangana malamulo otchedwa SOLAS mu 1914, ndipo adaŵalembanso mwatsopano mu 1974. Amene amayang'anira malamulowa ndi bungwe la IMO, lomwe likulu lake lili ku London.

Nafenso kuno tidalira. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya idamira pa nyanja ya Malaŵi chifukwa cha mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 adatha. Mu Meyi 2023 mvuu idagubuduza bwato lodzaza anthu pa Shire m'boma lathu lino la Nsanje, ndipo mabanja ambiri adataya abale.

Ngozi ndi mbali imodzi. Mbali ina ndi anthu oipa. Pa 11 Seputembala 2001 zigaŵenga zidapha anthu ambiri ku America pogwiritsa ntchito ndege. Maiko adaopa kuti ena angachite zomwezo ndi sitima. Choncho adaonjezera malamulo otchedwa ISPS, amene adayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2004. Malamulowa amati doko lililonse lolandira sitima zikuluzikulu za maiko ena likhale ndi mkulu woona za chitetezo. Aliyense woloŵa padoko kapena m'sitima adziŵike kuti ndani ndipo akufuna chiyani. Katundu aonedwe. Pali masitepe atatu a chitetezo: loyamba la masiku onse, lachiŵiri pamene pamveka mbiri yoopsa, lachitatu pamene choopsa chili pafupi.

Mwina mukuti, "Nanga za ku nyanja yamchere zikutikhudza bwanji ife?" Zikutikhudza. Feteleza ndi mafuta ambiri amene timagwiritsa ntchito amadzera pa madoko ngati Beira ndi Nacala ku Mozambique. Doko likakhala lopanda chitetezo, sitima zimaopa kufikapo, katundu amachedwa, ndipo mitengo imakwera mpaka m'sitolo ya kwathu kuno.

Kumbukiraninso doko la Nsanje. Lidatsegulidwa mu Okutobala 2010, koma sitima sizidayambe kufika, popeza boma la Mozambique lidafuna kuti njira ya pa Zambezi ndi Shire iyambe yafufuzidwa bwino. Apa tikuphunzirapo kuti doko si simenti yokha. Pamafunikanso malamulo ndi mgwirizano.

Lamulo la kwathu

Dziko la Malaŵi lili ndi lamulo la maulendo a pamadzi la mu 1995. Amene amaliyendetsa ndi dipatimenti ya maulendo a pamadzi, pansi pa unduna wa zamtengatenga. Lamuloli limafuna kuti sitima ndi maboti onyamula anthu pa malonda azilembetsedwa, aziyesedwa ngati ali olimba, ndipo oyendetsa akhale odziŵa ntchito yawo. Koma akuluakulu a boma sangakhale padoko lililonse usana ndi usiku. Padoko lathu mlonda woyamba ndi inu ndi ine.

Zoyenera kuchita padoko

1. Bwato lililonse lidziŵike chiŵerengero cha anthu amene linganyamule. Nambalayo ilembedwe ndi penti pambali pa bwato.
2. Ŵerengani anthu musanaloŵe. Nambala ikakwana, dikirani ulendo wina.
3. Katundu nayenso amalemera. Matumba 6 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 300. Kulemera kumeneku nchimodzimodzi ndi anthu 5 a makilogalamu 60.
4. M'bwato mukhale chokapira madzi, chingwe ndi nkhafi yapadera. Ngati pali majekete oyandamitsa munthu, valani ndi kumanga bwino. Ana ayambe ndiwo kuvala.
5. Musaoloke usiku, kapena pamene kuli mphepo, kapena madzi akusefukira ndi kunyamula mitengo.
6. Khalani pansi. Musaime, musathamangire mbali imodzi. Musapise dzanja m'madzi, muli ng'ona.
7. Woyendetsa woledzera musamukwere. Kumene kwaoneka mvuu, uzanani ndipo mulambalale.
8. Padoko pakhale kope lolembamo dzina la bwato, woyendetsa, nthaŵi ndi chiŵerengero cha anthu. Ngozi ikachitika, tidzadziŵa kuti tikufuna anthu angati.
9. Ife tili m'malire, pakuti Ruo ndiye malire a Malaŵi ndi Mozambique. Mukaona munthu wachilendo akuolotsa ana amene sakumudziŵa, kapena akuolotsa ziŵeto ndi katundu mobisa usiku, dziŵitsani a mfumu kapena apolisi. Musamumenye, musaŵeruze nokha.

Inu amene mwaphunzira kuŵerenga ndi kulemba, nayi ntchito yanu. Nambala ya pa bwato aiŵerenga ndani? Kope la padoko alemba ndani? Ndi inuyo. Kambiranani ndi a mfumu ndi eni mabwato kuti pakhale komiti ya padoko. Eni mabwato si adani athu. Nawonso akufuna ndalama yodyetsera ana awo, ndipo bwato likamira iwonso ataya zonse. Ulendo umodzi wodzaza mopitirira umapindulitsa pang'ono, koma maliro amodzi amasaukitsa mudzi wonse.

Mau oti muŵerenge ndi kulemba

doko, bwato, nkhafi, chitetezo, lamulo, malire, chiŵerengero

Mafunso

1. Kodi sitima zofika ku Chiromo zinkanyamuka kuti?
2. Chidachitika nchiyani pa 30 Julaye 1946?
3. Tchulani zinthu zitatu zoyenera kupezeka m'bwato.
4. Bwato lalembedwa kuti ANTHU 15. Mwaloŵa matumba 6 a makilogalamu 50. Kodi tsopano mungaloŵe anthu angati?
5. Mukadakhala inu m'bwato lija, mukadachita chiyani? Kambiranani m'magulu.

Ntchito ya kunyumba: lembani kalata yaifupi kwa a mfumu, yopempha msonkhano wokambirana za malamulo a padoko lanu.